Manda a Anyamata a ku Australia ndi Maina a Makolo Athu

 Nkhani imene tifuna kukamba nanu lero ndi ya anthu akufa, koma mlandu wake uli pa ife amoyo.

Chaka ndi chaka, pa 25 Epulo, anthu a dziko la Australia amadzuka kusanache, nasonkhana pa mabwalo a midzi yawo, naimirira chete kufikira lipenga litalira. Tsikulo alitcha Anzac, ndipo akumbukira ana awo amene anafa ku nkhondo. Kapena wina adzafunsa kuti, Nanga ife a kuno ku Chitungwiza, amene timalawira m'mamawa kukalimbirana basi ya ku Harare, za anthu a kutsidya kwa nyanja zitikhudza bwanji? Tiyankha motere: ena a anyamata okumbukiridwa tsiku limenelo agona m'dothi la dziko lino, ndipo pa nkhondo zomwezo makolo athu anasenza akatundu, anagwira mfuti, nafa. Anyamata aja maina awo ali pa miyala; makolo athu ambiri alibe ndi kamtengo komwe kosonyeza pamene anagona. Tsono tifuna tione chimene chinabala kusiyana kumeneku, ndi chimene tingachite nthawi isanatithere.

MAKUMBUKIRIDWE A KU AUSTRALIA

Pa 25 Epulo 1915 asilikali a ku Australia ndi a ku New Zealand anatsika m'zombo pa gombe la Gallipoli, m'dziko la Turkey. Akuluakulu a nkhondo ku Mangalande anayesa kuti akalanda mpata wa nyanja wotchedwa Dardanelles, njira ya ku Constantinople idzatseguka, ndipo Turkey adzagonja. Koma eni dziko anagwira zitunda zapamwamba, ndipo anyamatawo anakhala miyezi isanu ndi itatu m'maenje a m'munsi mwake, alikufa ndi zipolopolo, kamwazi ndi ludzu. Mu Disembala anachokako usiku osapindula kanthu, atasiya m'manda a ku Australia okha oposa 8,000. Pofika 1918, dziko la anthu osakwana 5 miliyoni linali litalemba usilikali amuna oposa 400,000, ndipo oposa 60,000 sanabwerere kwawo. Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anatayanso ena oposa 39,000.

Maiko ena anataya ochuluka koposa amenewa. Chimene chitigwira mtima ife ndicho khama la a ku Australia pa nkhani ya maina. Popeza mitembo sinabwere kwawo, pafupifupi mudzi uliwonse, ngakhale waung'ono wa alimi a nkhosa, unaimika mwala ndi kulembapo ana ake mmodzi mmodzi. Ku Canberra, likulu la dzikolo, anatsegula nyumba yachikumbutso mu 1941, ndipo pa makoma ake pali maina oposa 102,000 osema pa mkuwa, osatchula kuti uyu anali mkulu wa nkhondo, uyu anali msilikali wamba. Kuyambira 2013, madzulo aliwonse asanatseke nyumbayo, amasankha dzina limodzi pa khomalo, nawerenga mbiri ya mwini dzina pamaso pa anthu: kwawo, makolo ake, ntchito imene anagwira, ndi imfa imene anafa.

Taonani chinanso. Ku Fromelles, m'dziko la France, kunali nkhondo yoopsa mu Julayi 1916, ndipo Ajeremani anakwirira akufa ambiri m'maenje aakulu. Patapita zaka 93, mu 2009, anafukula mitembo 250, naiika yense m'manda akeake mu 2010. Pamenepo anaitana zidzukulu ndi zidzukulutudzi kuti zipereke malovu, ndipo akatswiri analinganiza DNA ya amoyo ndi ya m'mafupa ndi m'mano a akufa. Mwa njira imeneyi oposa 160 anabwezeredwa maina awo. Anthu amene achita zotere sitingawanyoze. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mwambo wabwino, ngakhale uchokere kwa mlendo, uyenera kuphunziridwa.

ANAFIKA NDI KUNO KOMWE

Nkhondo ya Hitler itayamba, Boma la Angerezi linafuna malo a thambo loyera, kutali ndi adani, ophunzitsirako anyamata kuyendetsa ndege. Linasankha Southern Rhodesia pamodzi ndi maiko ena. Sukulu yoyamba inatsegulidwa ku Belvedere, mu Salisbury, mu Meyi 1940, ndipo zinatsatira zina ku Cranborne, ku Mount Hampden ndi ku Norton. Ku Thornhill, Moffat ndi Guinea Fowl kufupi ndi Gweru. Ndiponso ku Induna, Kumalo ndi Heany kufupi ndi Bulawayo. Anaphunzira m'menemo anyamata zikwizikwi a mitundu yambiri, ndipo mazana angapo a iwo anali a ku Australia.

Kuphunzira ndege masiku amenewo kunali kuseweretsa moyo. Ena anagwa m'minda, ena anaombana m'mwamba, ena anasokera usiku. Amene anafa motero anaikidwa kuno, ndipo kufikira lero manda a oyendetsa ndege a maiko osiyanasiyana asamalidwa ku Harare, ku Gweru ndi ku Bulawayo ndi bungwe lotchedwa Commonwealth War Graves Commission. Amene anapitapo pa manda a Pioneer, pafupi ndi Mbare, anaona mizere ya miyala yolingana msinkhu, ndi pa uliwonse dzina, nambala ndi tsiku la imfa. Ambiri anali ana a zaka makumi awiri kapena kupitirirapo pang'ono. Amayi awo analandira kalata, nalira maliro opanda mtembo, monga amayi athu ku Dedza ndi ku Mangochi analirira ana amene anapita ku Walale osabwerera. Ife amene tidziwa kuwawa kwa kufera kuchilendo tiyenera kukhala oyamba kuwavulira chipewa.

Koma tifunse: mabwalo a ndegewo anasalaza ndani? Anasalaza anthu akuda, ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala, ambiri a iwo atatengedwa m'midzi mwa lamulo la mafumu ndi la abwana a Boma. Usiku anawalondera ndi anthu akudanso, a gulu lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps. Mu 1942 Boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna a dziko lino kugwira ntchito m'mapulazi a Azungu kuti chakudya chisasowe, ndipo abale athu Ashona ndi Andebele anachidziwa chibalo chimenecho ndi misana yawo. Nthawi yomweyo anthu a kwathu anali pansi pa nthaka: ku Hwange alikukumba malasha, ku Shurugwi chrome, ku Zvishavane asbestos, zonsezo zofunika ku nkhondo. Ndege siuluka popanda bwalo, ndipo bwalo silidzisalaza lokha.

NKHONDO YA CHIWAYA

Tibwerere m'mbuyo ku nkhondo yoyamba, imene agogo athu anaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolira kosalekeza. Kwathu inafika msanga ndithu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanja ya Nyasa, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunali nkhondo ku Karonga. Dziko la Nyasaland, la anthu opitirira pang'ono 1 miliyoni, linapereka asilikali pafupifupi 19,000, ochuluka a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene ife timati Keyala, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000.

Mtengatenga anali galimoto ya nkhondo imeneyo. M'tchire la German East Africa, kumene lero ndi Tanzania, munalibe misewu, ndipo akavalo ndi ng'ombe anafa ndi kashembe. Chotero ufa, zipolopolo, mahema ndi mfuti zazikulu zinayenda pa mitu ya anthu, munthu mmodzi katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga, mvula ndi dzuwa, phoso losakwanira. Mbusa John Chilembwe anaziona izi zikudza, ndipo mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi alikuitanidwa kukafera mlandu wosakhala wawo ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Mu Januwale 1915 anaukira Boma, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa. Nkhondo inapitirira kufikira mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, ku Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Amtengatenga amene anafera mbali ya Angerezi m'dera lonselo awerengedwa kuti anali pafupifupi 95,000, ochuluka koposa asilikali onse a ku Australia amene anafa pa nkhondoyo.

Ndipo pali mbali ina ya mbiriyi imene ikhudza ife a kuno makamaka. Mu 1916 Boma la Southern Rhodesia linayambitsa gulu la asilikali akuda lotchedwa Rhodesia Native Regiment, ndipo analowamo amuna oposa 2,000. Wofufuza mbiri Timothy Stapleton anaonetsa kuti ochuluka a iwo sanali obadwira m'dziko lino. Anali alendo odzagwira ntchito, ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku dziko la Apwitikizi, amene anasiya komboni ya mgodi ndi ya pulazi navala zovala za usilikali. Anadzera ku Beira ndi ku Zomba, namenya nkhondo ku Songea ndi madera ena a Ajeremani, natsata adani kufikira m'Mozambique mu 1918. Otsala amoyo anabwerera nthawi ya fuluwenza wamkulu wa 1918, amene anasesa anthu m'makomboni a migodi. Chifukwa chake, m'bale wathu wa ku Zengeza amene agogo a atate ake anali ku Shamva kapena ku Kadoma zaka zimenezo, asafulumire kunena kuti banja lawo silinaone nkhondo.

NKHONDO YA HITLER

Pa nkhondo yachiwiri Nyasaland inaperekanso amuna oposa 25,000. A Keyala anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, nafika ku Gondar, m'dziko la Ethiopia, mu Novembala 1941. Anapita ku Madagascar mu 1942. Ndipo mu 1944 analowa chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula, kumene malungo ndi matope anali adani olingana ndi Ajapani. Kuno, gulu la Rhodesian African Rifles linayamba mu 1940, ndipo mu Epulo 1945 linamenya nkhondo yake yotchuka ku Tanlwe Chaung, ku Burma komweko. M'miyezi imeneyo a ku Australia analikumenyana ndi mdani yemweyo m'nkhalango za New Guinea.

Tinene zoona: akufa a nkhondo yachiwiriyi analembedwa bwino koposa a yoyamba, ndipo ku manda a Taukkyan, pafupi ndi Rangoon, maina a anthu a mu Afirika aliko. Kusiyana kunaonekera pa amoyo. Potuluka usilikali m'magulu a kum'mawa kwa Afirika, msilikali wamba Mzungu analandira masheleni khumi pa mwezi uliwonse umene anatumikira, ndipo wakuda masheleni atatu ndi theka. M'dziko lino Azungu obwera ku nkhondo anathandizidwa kupeza mapulazi, ndipo kuyambira 1950 mabanja a anthu akuda anachotsedwa pa malo a Rhodesdale natumizidwa ku Gokwe ndi ku Sanyati kuti apereke malo. Msilikali wakuda anabwera ndi mendulo, jasi ndi nsapato, nayambanso kufuna ntchito ndi chitupa m'thumba.

CHIFUKWA CHIYANI MAINA ANATAYIKA?

Zifukwa tiona zitatu, ndipo tiyenera kuzisiyanitsa, pakuti mankhwala ake ndi osiyana.

Choyamba ndicho tsankho la olamulira. Bungwe losamala manda a nkhondo lija, pamene linayamba mu 1917, linalonjeza kuti wakufa aliyense adzatchulidwa dzina, wolemera ndi wosauka mofanana. Ku France ndi ku Gallipoli lonjezolo linasungidwa. Mu Afirika linathyoledwa. Mu 1923 bwanamkubwa wa Gold Coast, F. G. Guggisberg, ananena kuti munthu wamba wakuda sangazindikire tanthauzo la mwala wa pamanda, ndipo maganizo otere anali ofala pakati pa akuluakulu. Chotero manda ambiri a amtengatenga anasiyidwa kuti tchire liwameze, ndipo m'malo mwake anaimika zipilala za onse pamodzi. Cha ku Dar es Salaam, cha 1927, chili ndi chifanizo cha msilikali, koma maina palibe. Cha ku Mbala chitchula amtengatenga 1,467 a ku Northern Rhodesia mwa chiwerengero chokha. Mu Epulo 2021 bungwelo linatulutsa lipoti lovomereza kuti akufa osachepera 116,000, ndipo mwina kufikira 350,000, ochuluka a iwo a mu Afirika, sanakumbukiridwe ndi maina kapena sanakumbukiridwe konse. Ndipo nduna ya zachitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo.

Mawu a bwanamkubwa uja anali abodza, ndipo umboni wake tili nawo m'nyumba zathu. Ndani aposa ife pa kulemekeza maliro? Timameta, timaphika mowa wa bona, timamanga chiliza. Abale athu Asilamu achita sadaka. Gule wamkulu atuluka kudzaperekeza mkulu wa mudzi. Ndipo mwana wobadwa timamutcha dzina la agogo ake kuti lisafe. Ngakhale nkhondo yomweyo sitinaiiwale: Beni, Malipenga ndi Mganda, ndi mizere yake, zovala zake ndi maudindo ake, zinatengera pa perete wa asilikali, ndipo Beni anafika ndi makolo athu m'makomboni a dziko lino. Koma gule asunga kuguba kwa msilikali. Dzina lake sasunga.

Chachiwiri ndicho ulendo. Mnyamata wa ku Australia anachoka pakhomo pa amake, mudzi wonse ukuona, ndipo atafa panali adiresi yotumizako kalata. Mnyamata wa kwathu anayamba wachoka ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota chifukwa cha msonkho ndi thangata, nayenda pansi milungu yambiri kudzera ku Tete, nagwira ntchito pa mgodi, ndipo analembedwa usilikali ali kale mlendo. Kumudzi anamuyesa mchona. Kuno anamuyesa wopita. Atafa, kunalibe mfumu yomufunsa kuno, ndipo kwawo kunalibe wodziwa kuti anavala zovala za nkhondo. Munthu wotere anatayika kawiri.

Chachitatu ndicho cholembera cha kalaliki. Ambiri a makolo athu analembedwa pa chitupa ndi dzina limodzi, kawirikawiri la pantchito limene kapitawo kapena bwana anawapatsa, popanda dzina la atate, popanda mfunda. Wina anasintha dzina pothawa bwana wankhanza, wina anagwiritsa chitupa cha mnzake. Tsono ngakhale pamene buku la usilikali lilipo, mdzukulu angaliwerenge tsamba lonse osazindikira kuti dzina limene ali kuliona ndi la agogo ake. Chingamuthandize ndi chimodzi chokha: mawu a munthu wachikulire amene akumbukira maina onse awiri.

KODI INALI NKHONDO YATHU?

Alipo pakati pathu amene anena kuti, Nkhondo zimenezo zinali za Azungu. Ngwazi zathu ndi za nkhondo ya ufulu, zimene dziko lino likumbukira mu Ogasiti, ndi za kwathu zimene tikumbukira pa 15 Januwale ndi pa 3 Malichi. Nanga tidzivutiranji ndi anthu amene anatumikira mfumu ya ku Mangalande? Mawu amenewa ali ndi mbali yoona, ndipo Chilembwe mwini anafunsa funso lomwelo. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ena anagwidwa usiku, ena anathawa njala, ena anakopeka ndi malipiro oposa a pulazi.

Komatu kutchula dzina la wakufa sikuyamika amene anamutuma. Pa maliro a munthu amene anaphwanyidwa ndi mwala mu mgodi sitifunsa kuti mgodiwo unali wa yani tisanayambe kulira. Ndipo tikakana kuwakumbukira chifukwa anatumikira Atsamunda, ndiye kuti tatsiriza ndi manja athu ntchito imene Atsamunda anaiyamba, ya kufafaniza anthuwa m'buku. A ku Australia nawonso anali ndi chilema chawo: eni nthaka a dzikolo, Aaborijini, anapita ku nkhondo zonse ziwiri, koma pobwera ambiri anamanidwa minda imene anzawo oyera anapatsidwa, ndipo panapita zaka zambiri asanalemekezedwe poyera. Chinasintha zinthu ndi mabanja awo, amene anasunga zithunzi ndi makalata, nakana kukhala chete.

Pali chifukwa chinanso chimene inu a m'mapulazi ndi m'migodi muchidziwa koposa ife olemba. Mu 2001 lamulo la unzika la dziko lino linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira kuno, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapezeka olembedwa alendo pa zitupa zawo. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linali la dziko la m'chigawo cha SADC, koma amene anaima pa mzere wa ofesi ya zitupa adziwa kuti chofunsidwa ndi pepala: la kubadwa kwa iwe, la amako, la atate ako. Matenda ndi amodzimodzi, a dzina losalembedwa. Banja limene lingaonetse kuti kholo lawo linalembedwa usilikali ku Salisbury mu 1917 kapena mu 1942 lili ndi yankho kwa aliyense wolifunsa kuti munadza liti kuno, ndipo munachitira chiyani dziko lino.

TICHITE CHIYANI TSONO?

Khomo limene linatsekedwa zaka zana layamba kutseguka. Chiyambire lipoti la 2021, bungwe la manda lija lilikufunafuna maina m'mabuku akale a maiko a mu Afirika, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town cha antchito akuda oposa 1,700 a nkhondo yoyamba, yense ndi mtengo wake wolembedwa dzina lake. Zimenezi zitheka pamene dzina lapezeka. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisadikire kuti a ku London adzafike ku Seke kudzafunsa agogo athu. M'zaka za m'ma 1970 mphunzitsi Melvin Page, pamodzi ndi omuthandiza Achimalawi, anayenda m'midzi ya kwathu kulemba mawu a nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya Chiwaya, ndipo chifukwa cha ulendo umenewo mawu awo alipo lero. Akadachedwa zaka khumi, akadapeza manda okhaokha. Ife tili pa mphindi yotereyo ndi nkhondo yachiwiri: asilikali eni ake atsala owerengeka, ndipo ana awo ndiwo nkhalamba zathu za lero.

Chifukwa chake tipempha zinthu izi. Mwana wa sukulu aliyense akhale pansi ndi agogo ake Lamulungu madzulo, ndi kope ndi pensulo, nafunse: kodi m'banja mwathu alipo anapita ku nkhondo? Alembe dzina la kubadwa, dzina la pantchito, mfunda, mudzi, mfumu ndi boma la kwawo. Mgodi kapena pulazi imene anagwirako. Chaka chimene anapita, gulu lake, ndi ngati anabwerera. Amene sanabwerere alembedwe poyamba.

Yachiwiri, funani m'masutikesi ndi m'mabokosi akale. Mendulo za nkhondo yoyamba zili ndi nambala ndi dzina la mwini wake m'mphepete mwake, tembenuzani muwerenge. Za nkhondo yachiwiri zambiri zilibe dzina, kotero kabuku kotulukira usilikali nkofunika koposa, pakuti nambala ya msilikali ndiyo kiyi wa mabuku onse a Boma. Musagulitse zinthu zimenezi kwa oyendayenda ofuna zakale, ngakhale njala ilume bwanji. Ndalama idzatha sabata imodzi, ndipo umboni udzapita kosabwerera. Zijambuleni ndi foni, ndipo chithunzi chitumizidwe kwa abale a ku Malawi ndi a ku Joni, kuti chisasungidwe pa malo amodzi.

Yachitatu, mutu umodzi susenza denga. Mabungwe athu a maliro, amene makolo athu anayambitsa m'makomboni kuti mlendo asaikidwe ngati chiweto, ali kale ndi mabuku, alembi ndi misonkhano. Bungwe lililonse, mpingo uliwonse, mzikiti uliwonse ndi dambwe lililonse litsegule tsamba la asilikali ndi amtengatenga. Amene ali ndi intaneti afune mainawo m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, umene uwerengedwa kwaulere. Ndipo pamene dzina la wakufa ku nkhondo silipezeka, alembere bungwelo ndi umboni umene ulipo. Nyumba zosungira mabuku akale a Boma, ya ku Harare ndi ya ku Zomba, zinamangidwira ntchito yomweyi.

Yotsiriza ndi iyi. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja ya njerwa ya asilikali a Keyala, ndipo mu Novembala chaka chilichonse akuluakulu a ku Malawi amaika nkhata zamaluwa kukumbukira akufa a nkhondo. Ife a kuno tilibe nsanja, ndipo sitinena kuti tisonkhe ndalama za njerwa pamene ana alibe fizi. Koma pa Lamulungu loyandikana ndi 11 Novembala, tsiku limene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya mu 1918, mlembi angathe kuimirira pakati pa anthu ndi kuwerenga mokweza maina amene asonkhanitsidwa, limodzi limodzi, mosafulumira, ndi mudzi wa munthu aliyense. Chaka choyamba angakhale asanu okha. Chaka chachiwiri adzakhala makumi awiri, pakuti womva dzina la mnansi adzakumbukira la kwawo. Ndipo pa 25 Epulo, amene adzadutsa pa manda a Pioneer aime pang'ono, awerengeko dzina limodzi la mwana wa eni amene anafera kuno kutali ndi amake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Makope agulidwa pa sitolo iliyonse ya ku Makoni ndi ku Chikwanha, ndipo agogo ali m'nyumba lero. Yambani sabata ino. Tsalani bwino, abale.